Malemu Anavomera Lachisanu

Zaka zonse zimene mkulu uja anakhala nthumwi ya dziko lake ku Bungwe la Mayiko Ogawana Mtsinje, sanavomerepo kanthu asanakangane nako, mpaka anthu anaiwala dzina lake n'kumangoti a Toto. Koma Lachisanu lija a Toto anavomera. Anavomera osatsegula pakamwa, ndipo madzulo ake anawapeza atagwetsa mutu pa tebulo mu ofesi yawo, atamenyedwa pankhongo ndi kanyundo kamtengo kotsegulira misonkhano.

Amene anagwidwa anali sekilitale wawo. Sekilitaleyo anali mng'ono wake wa Sajeni wina wamkazi wa polisi, chitsirizira m'banja lawo, ndipo anali ndi pakati poti sungabise ndi malaya.

"Mlanduwu si wako," a Insipekita anamuuza Sajeni Lolemba m'mawa. "Chibale ndi fupa, ndikudziwa. Koma lero maso anga akuvuta. Ukalowa penapake, ine sindikuona. Mawa mwanayu akukaonekera kukhoti."

Sajeni anamupeza mng'ono wake m'chitokosi atakhala pansi, miyendo itatupa. Mtima unamupweteka kwambiri, koma iye sanali munthu wolira pantchito.

"Achemwali, ine sindinawaphe."

"Zimenezo ukauze khoti. Ine undiuze za Lachisanu, ndipo usadumphe pamene pali manyazi."

Umboni wa apolisi unali wa kanyali. Ku Bungweko aliyense, kuyambira nthumwi mpaka kalaliki, anali ndi kanyali pa kompyuta pambali pa dzina lake. Munthu akamagwira ntchito kankayaka mobiriwira, akasiya kankazima. Ka a Toto kanayaka m'mawa wonse, ndipo kanazima masana nthawi ya nkhomaliro itangopitirira. Nthawi imeneyo nyumba yonse inali m'holo pansi kukondwerera lamulo latsopano. Kumwamba kunatsala sekilitale yekha. Dokotala analephera kunena ola lenileni chifukwa ofesiyo inali yozizira ngati firiji, ndiye apolisi anati makina sanama.

"M'mawa unali kuti?"

"Makina akuti ndinali pa desiki."

"Sindinafunse makina."

Mng'onoyo anayang'ana pansi. "Ndinali ku sikelo. Ndinaopa kunena, angandichotse ntchito. Chiyambire kutiyeza ndi kanyali kaja, tonse timatero, achemwali. Umavula wotchi, uja wa mivi, n'kuikapo mausi ya kompyuta pamwamba. Muvi ukamayenda, kompyuta imayesa ndi dzanja lako. Ukhoza kupita kumsika, kanyali kali gwa."

"Utabwerako unawaona a Toto?"

"Analipo. Chitseko chinali chotseka, koma analipo."

"Ndati unawaona ndi maso akowa?"

Mtsikanayo ananena motsitsa mawu: "Ndinaona kanyali kawo."

* * *

Pa geti la Bungwe Sajeni analandiridwa ndi a Loya, mkulu wa zamalamulo, bambo wosalala ngati sopo watsopano, wolankhula mofatsa ngati akutonthoza odwala.

"Pepani ndithu, mayi, pepani. Mng'ono wanu ndi mwana wathu tonse. Koma ndikukumbutseni pang'ono chabe: mkati mwa mpanda uno muli ngati dziko lina. Apolisi amalowa ngati alendo. Kuona muona, koma simutulutsa ngakhale pini popanda chilolezo cha khonsolo."

"Khonsoloyo ili kuti, ndikaipatse moni?"

A Loya anaseka mwaulemu. "Ili paliponse, mayi. Nthumwi zonse, kupatula a Toto, zinabwerera kwawo kalekale. Kale ankabwera pa ndege kudzakalipirana sabata yathunthu. Masiku ano ofesi yanga imalemba chigamulo n'kutumiza pa makina. Ikakwana thwelofu koloko popanda wodina batani lofiira, ndiye kuti onse avomera. Kukhala chete ndi kuvomera. Lachisanu tinangokhazikitsa kuti zizikhala choncho mpaka kale, osakumananso maso ndi maso."

"Nanga nthumwi ikadwala? Kapena ikafa?"

"Pa lamulo lakale, kanyali ka mmodzi kakazima, nkhani inkaima. Chete wa munthu yemwe palibe sitinkamuwerenga." Anadina batani la chikepe. "Zachisoni. Ine m'mawa wonse ndinali pa kompyuta yanga, makina angakuuzeni, ndipo masana ndinali m'holo ndi anthu onse. Sindinamve kalikonse."

Anamusiya pa nsanjika yapamwamba, ati foni ikuwadikira.

Sajeni anayendapo m'mamotchale ndi m'nyumba zopsa, koma khonde limenelo linamuimitsa tsitsi. Zitseko zinandandalika mbali zonse, chilichonse ndi kambendera ka dziko lake, ndipo kuseri kwake kunalibe munthu. Maluwa a m'miphika anauma ali chiimire. Mphepo yozizira inkatsika kudenga, kuziziritsa mipando yopanda eni. Penapake makina osindikizira anadzidzimuka okha, n'kulavula pepala, n'kukhalanso chete. Anamva mapazi ake okha, ndipo kawiri konse anacheuka.

Mu ofesi ya a Toto apolisi anzake anachotsamo thupi lokha. Magalasi a maso anali pomwepo, kapu ya tiyi yosamwa, ndi nyuzipepala yofutukula yovundikira mbali ina ya tebulo. Sajeni anaima kanthawi, akumva ngati mwini chipinda wangotuluka pang'ono. Kenako anatukula nyuzipepalayo ndi zala ziwiri.

Pansi pake panali mausi. Pansi pa mausi panali wotchi yakale ya lamba wachikopa, itagona chagada. Anaiyandikiza khutu osaikhudza. Inali zii, ndipo mivi yake inaima nthawi ya nkhomaliro itangopitirira.

* * *

Sajeni anapeza Womasulira mawu wa Bungwe m'kachipinda kake ka galasi, koyang'ana m'bwalo la misonkhano. Anali mayi wachikulire wa imvi mbuu, atavala mahedifoni ngakhale m'bwalomo munalibe wolankhula. Ankayankha mochedwa pang'ono, ngati funso lililonse amayamba walitembenuza m'zinenero zake zonse.

"Wotchi ya lamba wachikopa," anabwereza. "Ndiye kuti mwaiona. Ndi ya a Toto, inali ya bambo awo. Yopukusa ndi zala, osati za mabatirezi. Inakalamba ngati ife, inkangotha tsiku limodzi ndi kachidutswa. Tsiku lililonse pa tiyi wa m'mawa ankandiitana, iwo n'kumaipukusa, ine n'kumawaseka."

"Ankaivula?"

"Kuvula? Mwana wanga, munthu uja ankasamba nayo m'manja ili pamkono. Za kuika mausi pa wotchi ankati ndi ufiti wa ophunzira."

"Lachisanu anakuitanani?"

Mayiyo anachedwa kuposa kale. "Sanandiitane. Ndinayang'ana pa kompyuta, ndinaona kobiriwira, ndinati atanganidwa ndi kukonza mawu awo okana. Nyumba ino tinasiya kugogoda pa zitseko." Anavula mahedifoni. "Ndiye kuti sanaipukuse. Ndiye kuti pa nthawi ya tiyi anali atapita kale. Ine ndikumwa tiyi wanga kuno, iwo ali chigonere uko."

Sajeni anamusiya apume. Nkhani inayamba kuoneka mutu wake. Wina anapha a Toto m'mawa, n'kuwavula wotchi kuti kanyali kasazime thwelofu isanakwane. Wotchiyo inayenda yokha mpaka mphamvu ya dzulo lake itatha. Kanyali sikanazime chifukwa munthu wafa, kanazima chifukwa wotchi yaima. Ndipo m'mawa umenewo mng'ono wake anali pa benchi ku sikelo, pamaso pa manesi.

"Amayi, ankafuna kukana chifukwa chiyani?"

"Kukana kunali kudya kwawo. Koma ulendo uno anali ndi chifukwa. Anayamba kuimbira nthumwi zinzawo pa foni zam'manja, nthawi imene tinyali tawo tili tobiriwira. Wina anamupeza kumaliro. Wina akuweta ng'ombe zake. Wina foni inkangoitana. Anandiuza kuti, mayi, mayiko onsewa akulamulidwa ndi mawotchi, ndipo amene amalemba ndiye mfumu, poti ena onse ali chete. Ankafuna kudina chofiira, kenako anene zimenezi poyera."

"Anauza ndani wina?"

"Lamulo limati wofuna kukana adziwitse ofesi imene inalemba chigamulocho. A Toto anali munthu wa lamulo."

Apo Sajeni anakumbukira za m'chikepe. Apolisi onse ankafunsa za masana. Munthu mmodzi yekha ndiye anamuuza kumene anali m'mawa, asanafunsidwe n'komwe.

* * *

Wamakompyuta ankakhala m'chipinda cha pansi pa nthaka, pakati pa makabati achitsulo ong'ung'udza ngati njuchi. Anali bambo wa kamimba, wa jekete ziwiri, wolankhula ngati akuthamangitsidwa.

"Madamu, ine ndine kapolo wa mawaya basi. Za imfa musandifunse, ndimakomoka ndi magazi a nkhuku omwe."

"Makina anu angasiyanitse dzanja ndi wotchi?"

"Aaa, mwamva kale za ntchito yathu yamanja? Musandinenere. Makina sasiyanitsa, koma ine ndimasiyanitsa. Dzanja la munthu ndi chidakwa, limapita uku, limabwerera, limaima kukanda mutu. Wotchi ndi msilikali, sitepe yake ndi imodzimodzi. Kungoti palibe amandifunsa, ndipo inenso wotchi ndili nayo."

"Ndionetseni Lachisanu m'mawa. M'nyumba muno mokha."

Anagogoda mabatani akuimba kamluzu. Pa sikirini panabwera mizere yokhotakhota, uliwonse ndi dzina lake. "Tsiku limenelo anthu anakhala pansi, poti kunali phwando. Asilikali achepa. Uyu ndi mng'ono wanu, pepani, waguba mpaka cha m'ma leveni. Uyu..." Kamluzu kanatha. "Awa ndi a Toto. Mayo ine. Aguba kuyambira m'mawa mpaka kuima."

"Pali wina?"

Wamakompyuta anatsitsa mzere, n'kuchotsa dzanja pa mausi ngati yamuotcha. Mzere wachitatu unayamba kuguba ntchito itangoyambika, unaguba kanthawi ndithu, kenako unasanduka dzanja la munthu. Unasiya kuguba patangopita pang'ono wa a Toto utayamba. Dzina lake linali la a Loya.

"Ndipatseni zimenezi," anatero Sajeni.

"Madamu, ndili ndi ana. Ndikakopera ndine mbava, ndipo khoti silingalandire zakuba. Izi zimatuluka ndi chilolezo cha khonsolo basi." Analoza pa sikirini. "Komanso simunaone za lero. M'mawa uno a Loya atumiza chigamulo china. Akuti polemekeza malemu, zonse zimene makina anasunga sabata yatha zifufutidwe. Popanda wokana, thwelofu ikagunda zipita zokha. Ngakhale ine sindingazigwire mchira."

"Koma a Toto kulibe. Nkhani iyenera kuima."

"Limenelo ndi lamulo lakale. La Lachisanu likuti mpando wopanda munthu suwerengedwa. Analivomera okha malemuwo."

Sajeni anayang'ana pakona ya sikirini. Thwelofu inali pafupi kwambiri, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anachita mantha enieni. Mizere imeneyo ikafufutidwa, kutsala mawu a mkazi wonamiza bwana wake ndi wotchi, kutsutsana ndi kanyali kamene dziko lonse limakakhulupirira. Mwana akabadwira kundende.

"Chetechete sautsa nyama," anatero. "Nyamukani. Mukanditsegulire pakamwa pa khonsolo."

* * *

M'bwalo la misonkhano munali tebulo lalikulu lozungulira, mipando yachikopa yokutidwa ndi fumbi, ndi sikirini yodzaza khoma lonse. Pa sikirinipo panali mabokosi, lililonse ndi mbendera ndi kanyali kobiriwira. Nkhope panalibe ngakhale imodzi. Bokosi la a Toto lokha linali lakuda.

"Pali njira yoyesera mawu," ananong'ona Wamakompyuta. "Mukalankhula apa, mumveka m'kompyuta ya nthumwi iliyonse. Akandifunsa, ndinkayesa zipangizo."

Womasulira anavala mahedifoni kuseri kwa galasi n'kugwedeza mutu. Sajeni anawerama pa maiki. Sanadziwe mmene amalankhulira ndi mayiko, ndiye analankhula ngati ali pakhomo pa munthu.

"Odi kumeneko. Ine ndine wapolisi, koma ndabwera ngati mkulu wake wa munthu. Mnzanu a Toto anaphedwa Lachisanu m'mawa, ndipo umboni uli m'makina amene mukuvomera kuti afufutidwe. Mng'ono wanga ali m'chitokosi, ndi woyembekezera, ndipo sanalakwe. Sindikupempha zambiri. Mmodzi yekha adine chofiira."

Mawu a Womasulira anamutsatira m'zinenero zina, n'kutha. Tinyali tonse tinangoti chete, tobiriwira.

"Tsegulani mamaiki awo," anatero Sajeni. "Ndimve ngati akupuma."

Wamakompyuta anadina. M'zokuzira mawu munatuluka phokoso la zipinda zakutali: fani ikuzungulira, galu akuuwa patali, wailesi yoiwalidwa. Pansi pa zonsezo panali kaphokoso kena, kochokera uku ndi uku, kosagwirizana. Thi, thi, thi, thi. Bwalo lonse linadzaza ndi mawotchi.

"Mayi, mukulankhula ndi ndani?"

A Loya anali ataima pakhomo, manja kumbuyo, akumwetulira mwachisoni. "Mwatopa, ndikumvetsa. Khonsolo yakumvani, ndipo yankho lake ndi limeneli. Tiyeni ndikuperekezeni."

Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo uyu anakhala pa mkhate wa mayiko onse. Sajeni anawafulatira. Anagwira maiki ndi manja awiri n'kukuwa, ulemu wonse atautaya.

"Kodi kulibe munthu kumeneko? Ngakhale mmodzi?"

M'bokosi lakumapeto munamveka chitseko, kenako masilipasi akukhwekhwereza. Mawu a mzimayi analankhula m'chinenero chachilendo, mwamantha.

"Akuti, ndani akulira m'kompyuta ya amuna anga?" anatero Womasulira.

"Auzeni aitane amuna awowo. Msanga!"

Mzimayiyo anayankha motalika, ndipo Womasulira anamutsatira pang'onopang'ono. "Akuti amuna awo sangabwere. Anafa ziwalo chaka chatha, salankhula, sagwira kanthu. Akuti ndi iwo amene amaika wotchi m'mawa uliwonse, chifukwa Bungwe likadziwa, nyumba ndi chipatala zithera pomwepo. Akuti chonde musawaulule."

M'bwalomo munangotsala kugunda kuja. Sajeni anazindikira chimene ankapempha: kuti mayi wosamudziwa agwetse denga lake lomwe chifukwa cha mlendo. Batani likadinidwa, khonsolo idzafuna nkhope ya wokanayo. Anafuna kunama kuti palibe chidzachitike, koma lilime linakana.

"Auzeni zoona," anatero. "Akadina, zidziwika. Ndilibe chowapatsa."

Womasulira ananena. Kenako mzimayiyo anafunsa kafunso kafupi.

"Akuti, mimbayo ndi yoyamba?"

"Ndi yoyamba."

"Akuti, akugona pa chiyani?"

"Pa simenti."

Kutali kuja kunamveka mpando ukukokedwa, ndi kupuma kwa munthu pafupi ndi maiki. Kugunda kwa m'bokosi limenelo kunasiya. Kanyali kake kanaphethira, n'kusanduka kofiira.

"Chaima!" anakuwa Wamakompyuta. "Chigamulo chaima, palibe chofufutidwa!"

"Chala chimenecho si cha nthumwi," anatero a Loya. Mawu awo anali atauma, kufatsa konse kutathawa. "N'zosavomerezeka."

"Bwana, makina sadziwa chala," anayankha Wamakompyuta, akubwerera cham'mbuyo. "Munalemba nokha kuti chimene makina alandira ndicho chigamulo."

Sajeni anawongoka n'kuwayandikira mpaka anamva fungo la mafuta awo onunkhira.

"Mukadandaule ku khonsolo, a Loya. Tsopano iyenera kukumana ndi nkhope zake, ndipo mukaifotokozere za mzere wanu wa Lachisanu m'mawa. Muno sindingakugwireni, munandiuza nokha. Koma geti ndi limodzi, ndipo kunja kwake ndi kwathu."

A Loya anayang'ana chitseko cha kunja, n'kuyang'ana sikirini. Kenako anatembenuka, n'kulowera ku chikepe chokwera kumwamba, kumene kunalibe munthu wina aliyense.

Sajeni anakhala pa mpando wa dziko lina lake, fumbi n'kuti fuu. M'bokosi lofiira lija mzimayi uja ankalira chapansipansi, ndipo Womasulira ankamulankhula mofatsa, osamasuliranso. Sajeni anatulutsa foni n'kuimbira a Insipekita.

"Bwana, tumizani anyamata awiri pa geti la Bungwe, asachokepo. Wina apite ku sikelo akatenge mawu a manesi. Za mawa kukhoti, pemphani kuti ziyambe zaima."

"Wapeza kanthu?" anafunsa a Insipekita.

"Ndapeza. Koma muyambe mwapita kuchitokosi." Anayang'ananso bokosi lofiira lija. "Mukamupatse matiresi mwana wa amayi anga. Mumuuze kuti adye."